Insulini yothamanga ya nthawi ya chakudya: ndani akuifuna, nanga aipeza bwanji mu Blantyre?

Insulini ya soluble, ija yooneka ngati madzi imene odwala shuga amalandira ku Gulupu ndi m'zipatala zina za boma, imabwera ndi lamulo losavuta kulinena koma lovuta kulisunga: dzibayeni, dikirani mphindi 30, kenako idyani. Anamwino a kukiliniki ya shuga amalibwerezabwereza lamuloli, ndipo salakwa. Koma mtsikana wogulitsa m'sitolo ku Limbe amadya pamene makasitomala achepa, ndipo sadziwiratu kuti achepa nthawi yanji. Mnyamata wa kusekondale ali ndi buleki yaifupi; akati adzibaye n'kudikira, belu lalira. Wogwira ntchito mu Victoria Avenue amaitanitsa chakudya kulesitilanti osadziwa ngati chifika m'mphindi zisanu kapena pakatha ola. Ndiye pali mayi wa mwana wazaka zitatu ku Ndirande, amene wamubaya kale mwanayo, nsima yapsa, mwana n'kukaniratu kuti sadya. Mayiyo amadziwa chomwe chikubwera, pakuti insulini ikalowa m'thupi palibe angaitulutse.

Anthu otere ndiwo amafunsa za insulini yothamanga. Ena anaimva kwa abale awo ali ku Joni, ena kwa odwala anzawo pamzere wa kukiliniki. Amafuna kudziwa ngati ikuposadi ya soluble, ndiponso chimene angachite kuti adokotala awalembere. Ine ndikuona kuti insuliniyi ndi yothandizadi, ndipo ana ndi anthu ena angapo akanayenera kumailandira m'zipatala za boma. Komabe kulembedwa m'buku la kuchipatala ndi kachigawo kochepa ka nkhani yonse. Chachikulu ndi kukhala ndi zoyezera shuga kunyumba, komanso kudziwa kuti mwezi wamawa ndi winawo mudzaipezanso.

Shuga wa mtundu woyamba, amene tikukamba pano, si uja wa akuluakulu amene amabwera mwakachetechete n'kumamvera mapiritsi a metformin ndi glibenclamide. Apa chitetezo cha m'thupi chimaononga tizigawo ta kapamba topanga insulini, ndipo munthu, kawirikawiri akadali mwana kapena wachinyamata, amatsala wopanda insulini yakeyake. Popanda jakisoni sangakhale ndi moyo. Kapamba wa munthu wosadwala amagwira ntchito ziwiri: amatulutsa insulini pang'onopang'ono usana ndi usiku, ndipo chakudya chikangolowa amakhuthula yambiri nthawi imodzi, m'mphindi zowerengeka. Majakisoni amayesa kutsanzira ntchito ziwirizi. Yoyamba imagwiridwa ndi insulini yokhalitsa, monga isophane, ija yooneka ngati mkaka, imene pabotolo pamalembedwa Protaphane kapena Insulatard. Yachiwiri, ya chakudya, ndi ya soluble, monga Actrapid.

Nanga soluble imachedwa chifukwa chiyani, popeza ndi yofanana ndendende ndi insulini ya munthu? M'kabotolo muja insulini sikhala payokhapayokha. Timagawo take timagwirana tisanu n'kamodzi mozungulira zinc, ndipo tili togwirana choncho sitingalowe msanga m'mitsempha ing'onoing'ono ya pansi pa khungu. Zili ngati mtolo wa nkhuni: suungasonkhezere pamoto uli womanga, mpaka uumasule n'kumaika imodziimodzi. Kumasukako n'kumene kumadya nthawi. Ndiye soluble imayamba kugwira pakatha mphindi pafupifupi 30, imafika pachimake pakati pa maola awiri ndi anayi, ndipo imakhalabe m'thupi mpaka maola 6 kapena 8. Pomwe nsima imakhala itakweza kale shuga m'ola loyamba ndi lachiwiri. Zotsatira zake odwala amazidziwa bwino: shuga kukwera kwambiri atangodya, kenako kudzatsika mochititsa mantha chakumadzulo kapena pakati pa usiku, chakudya chitatha kalekale koma insulini ikadali pantchito.

Insulini inatulukiridwa ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921, ndipo mu January 1922 mnyamata wazaka 14, Leonard Thompson, anakhala woyamba kubayidwa. Kwa zaka makumi asanu ndi limodzi inkatengedwa ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Mu 1982 kunabwera yopangidwa m'fakitale yofanana ndi ya munthu, koma vuto la kuchedwa silinathe. Linachepa mu 1996, pamene kampani ya Eli Lilly inatulutsa lispro, yogulitsidwa ndi dzina loti Humalog. Akatswiri anangosinthanitsa malo a tizidutswa tiwiri kumapeto kwa insulini, ndipo timagawo tija tinaleka kugwirana molimba. Patapita zaka zochepa Novo Nordisk inabweretsa aspart, yomwe kuno timaidziwa kuti NovoRapid, ndipo mu 2004 kunabwera glulisine, ya dzina loti Apidra, imene imapangidwa ndi Sanofi. Zitatuzi zimagwira mofanana: zimayamba m'mphindi 10 mpaka 20, zimafika pachimake m'ola limodzi kapena awiri, ndipo pakatha maola atatu mpaka asanu zimakhala zitatha. Madokotala amazitcha ma analogue.

Kenako kunabwera zothamangirapo. Fiasp, ya mu 2017, ndi aspart yomweyo koma yothiridwa niacinamide, mtundu wa vitamini B3, kuti ilowe msanga m'magazi. Lyumjev, ya mu 2020, ndi lispro yothiridwa mankhwala otsegula timitsempha ta pamalo obayidwapo. Izi zimatsogola ndi mphindi zowerengeka chabe, ndipo ena amadandaula kuti zimanyerenyesa kapena kuwawa pobaya. Kwa munthu wa ku Ulaya amene wavala kachipangizo koyeza shuga usana ndi usiku, mphindi zisanu zimaoneka pa foni yake. Kwa ife kuno, kusintha kwenikweni ndi kuchoka pa soluble kupita pa aspart, lispro kapena glulisine. Amene akuvutika kufunafuna Fiasp m'mafamase a m'tauni, NovoRapid ili pashelefu, akutaya ndalama ndi mtendere wa mumtima pachabe.

Tsopano tinene zoona zake za phindu, chifukwa apa m'pamene anthu amayembekezera zoposa zimene zilipo. Pali kuyeza magazi kotchedwa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Mu 2016 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa kafukufuku woyerekeza ma analogue othamanga ndi soluble pa akuluakulu odwala shuga wa mtundu woyamba, ndipo anapeza kuti HbA1c imatsika ndi pafupifupi 0.15 peresenti yokha. Ndi phindu lenileni, koma laling'ono. Yerekezani ndi kafukufuku wamkulu wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993. Anthu 1,441 a ku America ndi Canada anagawidwa pawiri: ena ankabaya kamodzi kapena kawiri patsiku, ena katatu kapena kuposa, akudziyeza kanayi patsiku ndi kusintha mlingo molingana ndi zimene apeza. Gulu lachiwirili linachepetsa chiopsezo choyamba kuonongeka maso ndi 76 peresenti, ndipo impso ndi mitsempha nazo zinatetezeka. Chofunika kuchigwira n'chakuti nthawi imeneyo lispro kunalibe. Phindu lonselo analipeza ndi soluble yomwe timalandira ku Gulupu, kuphatikiza kudziyeza pafupipafupi ndi kuphunzitsidwa bwino. Mtengo wake unali wakuti kutsika koopsa kwa shuga kunachuluka pafupifupi katatu, ndipo mpata umenewu ndi womwe ma analogue anabwera kudzathandiza.

Choncho ubwino wa insulini yothamanga suoneka kwenikweni pa pepala la ku labu. Umaoneka pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Munthu amabaya chakudya chili kale patebulo. Shuga sakwera kwambiri akatha kudya. Jakisoni wa chakudya chamadzulo amakhala atatha mphamvu pofika pakati pa usiku, ndiye kutsika kwa shuga munthu ali mtulo kumachepa. Makolo amene amadzuka usiku kukagwira mwana pamphumi kuti aone ngati akutuluka thukuta amadziwa kukula kwa chinthu chimenechi. Wodwala safunikanso kudya kanthu pakati pa chakudya pongofuna kudyetsa insulini yotsalira. Ndipo kwa mwana wamng'ono wosadziwika madyedwe, adokotala angalole kuti nthawi zina abayidwe atangomaliza kudya, molingana ndi zimene wadyadi. Amayi oyembekezera, amene shuga wawo akatha kudya amayenera kusamalidwa kwambiri, amaloledwa aspart ndi lispro. Ogwira ntchito za mashifiti ku Makata ndi ku Chirimba nawonso imawayenera. Asilamu a ku Limbe ndi kwina amene amafunitsitsa kusala m'mwezi wa Ramadan ayambe akambirana ndi adokotala, chifukwa kusala kwa munthu wa mtundu woyamba n'koopsa. Akagwirizana, insulini yothamanga imayenderana bwino ndi chakudya chomasulira.

Musanapite kukapempha, pali zinthu zimene zimachititsa insulini yabwinobwino kuoneka yaulesi, ndipo izi ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa zimakonzeka osalipira ngakhale tambala.

Choyamba ndi malo obaya. Munthu akazolowera kubaya pamalo amodzi, pamene sipawawanso, pansi pa khungu pamakula kachotupa kofewa ka mafuta. Insulini yobayidwa m'menemo imalowa mosadziwika: lero mochedwa, mawa mwadzidzidzi. Anthu ambiri amene abaya kwa zaka ali nazo zotupazi, ena osazidziwa, chifukwa pamzere wautali si nthawi zonse pamene wina amakweza malaya n'kupapasa pamimba. Dzipapaseni nokha. Mukapeza chotupa, chisiyeni chipume kwa miyezi, muzisinthasintha malo, ndipo chenjerani: pakhungu labwino mlingo womwe uja ungagwire mwamphamvu kuposa kale, choncho auzeni adokotala kapena anamwino. Pamimba insulini imalowa msanga kuposa pantchafu kapena pathako, ndiye ya chakudya malo ake abwino ndi pamimba. Kugwiritsa ntchito singano imodzi mpaka kubuntha, komwe ambiri amachita chifukwa chosowa, kumakulitsa zotupa zomwezi.

China ndi kutentha. Kabotolo kamene kagona pawindo m'mwezi wa October, kapena kayenda m'chikwama chakuda padzuwa tsiku lonse, kamafooka osasintha maonekedwe. Kuzizira kopitirira nako kumaononga: insulini imene yaundana mufiriji itayeni. Ndipo china, chimene ambiri savomera pamaso pa adokotala, ndi chakuti mphindi 30 zija sazisunga. Amabaya n'kudya pomwepo. Palibe chochititsa manyazi, koma nenani, chifukwa chimenecho pachokha ndi chifukwa chomveka chopemphera kusintha. Dziwaninso kuti ngakhale yothamangayo imagwira bwino koposa ikabayidwa mphindi 10 mpaka 15 musanadye.

Madyedwe athu ali ndi mbali yakenso. Nsima ya ufa woyera, mpunga, buledi, phala lothira shuga, thobwa ndi tiyi wa masupuni atatu zimakweza shuga msanga, ndipo apa insulini yothamanga ndiyo imafika pa nthawi yake. Mgaiwa wodyera nyemba ndi masamba umakwezabe shuga, koma modekha pang'ono. Tchipisi cha pachiwaya ndi nyama yonona zimachita mosiyana: mafuta amachedwetsa chakudya m'mimba, ndiye insulini yothamanga ingatsitse shuga poyamba, n'kutha, shuga n'kudzakwera pakatha maola anayi kapena asanu. Madokotala a kunja amaphunzitsa kuwerenga magalamu a chakudya. Kuno njira yogwirika ndi kuwerenga mitanda: chipande chimodzimodzi, mitanda yofanana kukula, kuyeza shuga musanadye ndi pakatha maola awiri, mpaka inu ndi adokotala mutadziwa kuti mtanda umodzi umafuna mayuniti angati m'thupi lanu. Nambala ya mnzanu si yanu.

Tibwere ku funso la kapezedwe. M'zipatala za boma insulini ndi yaulere, ndipo imene amadalira ndi ija yofanana ndi ya munthu, soluble ndi isophane. Mankhwala a zipatalazi amadzera ku Central Medical Stores Trust, motsata mndandanda wa mankhwala ofunikira wa Unduna wa Zaumoyo. Adokotala a ku Gulupu angaone kuti aspart ingakuthandizeni, angakulembereni, koma kulemba sikuika kabotolo pashelefu ya famase ya chipatala. Kawirikawiri mudzakagula nokha ku famase yolipira. Njira ina ndi zipatala zolipira monga Mwaiwathu ndi Blantyre Adventist, makamaka kwa amene ali pa sikimu ya zaumoyo ngati MASM. Ngati muli pa sikimu, funsani msanga zimene amalipira pa matenda okhalitsa, malire a ndalama pachaka, ndiponso ngati singano za peni yobayira insulini ndi masitiripi oyezera zili momwemo, chifukwa ambiri amadzidzimuka chaka chili pakati.

Pokaonana ndi adokotala, chimene chimalankhula mwamphamvu ndi kabuku ka manambala. Mawu oti "ndamva kuti kuli yabwino" safika patali m'chipinda chimene panja pake padzaza anthu. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, lembani shuga musanadye, pakatha maola awiri mutadya, pogona, ndipo masiku ena pakati pa usiku. Pambali lembani chimene munadya, mayuniti, nthawi imene munabaya, ndi nthawi iliyonse imene munanjenjemera kapena kukomoka. Ngati masitiripi ndi ochepa, musawamwaze tsiku lililonse m'mawa mokha; sankhani masiku atatu n'kuyeza mokwanira, chifukwa masiku atatu odzaza amaonetsa zambiri kuposa mwezi wa nambala imodziimodzi. Chimene adokotala akufuna kuona ndi ichi: shuga wopitirira 10 mmol/L, kapena kuti 180 mg/dL pa makina ena, pakatha maola awiri, kenako n'kutsika pansi pa 4, kapena 70, pakatha maola anayi kapena asanu. Kukwera ndi kutsika kotere kukamabwerezabwereza, kuonjezera soluble kumangoonjezera kukomoka, ndipo dokotala aliyense wodziwa ntchito yake amaona kuti vuto ndi nthawi, osati mlingo.

Mungalankhule mwaulemu koma mosabisa: "Adokotala, ndimalephera kudikira mphindi 30 chifukwa cha ntchito yanga, ndipo usiku shuga akumanditsikira. Kodi aspart kapena lispro ingandithandize? Ndingathe kumagula ndekha." Pemphani kuti alembe dzina lenileni la mankhwala, osati la kampani lokha, kuti wa ku famase akupatseni imene ilipo. Pemphaninso kuti m'buku la kuchipatala alembe chochita ikasowa: mayuniti angati a soluble, ndi kubaya nthawi yanji. Ndipo adokotala akakana, funsani chifukwa. Nthawi zambiri chifukwacho chimakhala chomveka: mulibe makina oyezera, kapena shuga wanu ndi wokwera tsiku lonse kotero kuti choyamba kukonza ndi insulini yokhalitsa.

Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera. Soluble, chifukwa chochedwa kutha, imathandizira kuphimba maola a pakati pa chakudya. Mukaichotsa n'kuika yothamanga, mpata umenewo umatsala poyera, ndipo shuga angakwere chakudya chamadzulo chisanafike. Ndiye ngakhale madokotala amakonda kuyamba ndi mayuniti ofanana ndi akale, nthawi zambiri amasinthanso isophane, kuionjezera kapena kuigawa kawiri patsiku, kapena kuika analogue yokhalitsa yotchedwa glargine m'malo mwake. Amene amabaya kawiri patsiku, soluble ndi isophane pamodzi kapena yosakaniza kale ya 30/70 monga Actraphane kapena Mixtard, adziwe kuti akusintha dongosolo lonse: kuchoka pa majakisoni awiri kupita pa anayi kapena asanu, kuphatikizapo wa masana, kuntchito kapena kusukulu. Mwana wa pulayimale adzabayidwa ndi ndani masana? Aphunzitsi akudziwa? Mafunso amenewa ayankhidwe kabotolo kasanagulidwe. Samalaninso kuti aspart ndi glargine zonse zimaoneka ngati madzi. Chizolowezi chosiyanitsa ndi maso, yamadzi ndi yamkaka, sichigwiranso ntchito, ndipo kusokoneza ziwirizi usiku n'koopsa. Werengani dzina nthawi iliyonse.

Kuthamanga kuli ndi zoopsa zake. Mukabaya n'kuchedwa kudya, shuga amatsika msanga kuposa mmene munazolowera. Mukabaya n'kuyamba ulendo wapansi wochoka ku Ginnery Corner kupita ku Chilomoni, kapena kukalima, kapena kukasewera mpira m'ola loyamba kapena lachiwiri, amatsikanso. Musabaye pamwamba pa jakisoni wina maola atatu asanakwane pongoona kuti nambala ikadali pamwamba. Shuga wa m'thumba asamasowe: masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi osungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya Fanta, n'kuyezanso pakatha mphindi 15. Wokomoka musamuthire zakumwa m'kamwa. Mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Mbali inayo, amene waiwala kapena kusowa insulini yokhalitsa amatsala wopanda insulini m'thupi pakangotha maola ochepa, ndipo asidi amayamba kuunjikana m'magazi. Kusanza, kupweteka m'mimba, ludzu losatha ndi kupuma mozama ndi zizindikiro zofuna chipatala usiku womwewo. N'chifukwa chake ngakhale mutadwala malungo n'kulephera kudya, yokhalitsa simusiya.

Ndalama ndiye phiri lenileni. Insulini yonse imene timagwiritsa ntchito imachokera kunja, ndipo makampani atatu, Novo Nordisk, Eli Lilly ndi Sanofi, ali ndi gawo loposa 90 peresenti la msika wa dziko lonse lapansi. Ma analogue amadula kangapo kuposa soluble. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zikasowa mashelefu a m'mafamase amayamba kuoneka mipata. Musanasinthe, werengerani mtengo wa chaka, osati wa mwezi umodzi. Peni ya 3 ml ili ndi mayuniti 300. Amene amabaya mayuniti 20 a chakudya patsiku imamutha m'masabata awiri. Kabotolo ka 10 ml kali ndi mayuniti 1,000, koma kakatsegulidwa kamayenera kutha m'masabata pafupifupi anayi, ndiye kwa mwana wobaya pang'ono yambiri ingatayike. Onjezani singano ndi masitiripi. Ndikanati ndilangize banja limene ndalama zake zingakwanire chinthu chimodzi chokha, pakati pa NovoRapid ndi masitiripi okwana kuyeza katatu kapena kanayi patsiku, ndikanati gulani masitiripi, muzilandirabe soluble yaulere. Insulini yothamanga yobaya mongopenekera ndi yoopsa kuposa yochedwa yobaya mukuona manambala.

Ambiri amadalira abale a ku South Africa kuti awatumizire. Ganizirani njira yake: basi yochoka ku Johannesburg imadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, mpaka kudzalowa pa Mwanza, ulendo woposa tsiku lathunthu, ndipo katundu wa m'munsi mwa basi amatentha. Ngati palibe kuchitira mwina, iyende m'manja mwa munthu, m'kachikwama kozizira, yosagundana ndi ayezi. Kuno, gulani ku famase yovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, onani tsiku lothera ntchito, ndipo onetsetsani kuti yachokera mufiriji. Onaninso mphamvu yake: yambiri ndi ya mayuniti 100 pa ml, koma mapeni ena a lispro ndi a 200, ndipo insulini ya m'peni yotere siyenera kukokedwa ndi jakisoni wamba.

Za kusunga, kuzimazima kwa magetsi kusakuopsezeni mopitirira. Yosatsegula imafuna madigiri 2 mpaka 8, koma firiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola angapo, ndipo imene mukugwiritsa ntchito sifuna firiji n'komwe. Mu 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières ndi akatswiri a yunivesite ya Geneva anafalitsa kafukufuku wotengera kutentha kwa kumsasa wa othawa kwawo wa Dagahaley ku Kenya, kumene kumasinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37, ndipo anapeza kuti insulini inasunga mphamvu yake kwa masabata anayi. Amene alibe firiji ku Bangwe kapena ku Chilobwe angaike kabotolo m'kachitini kotseka bwino, n'kukaika mu mtsuko wa dothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi.

Kunjaku zinthu zikusuntha. Mu 2021 bungwe la WHO linaika ma analogue okhalitsa, monga glargine, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, ndipo mu 2025 linaikaponso othamanga. Mu 2022 maiko a m'bungweli anagwirizana kuti pofika 2030 munthu aliyense wa shuga wa mtundu woyamba azipeza insulini ndi zodziyezera pa mtengo wofikirika. Makampani ena, monga Biocon ya ku India, akupanga aspart yawo, ndipo mpikisano wotere ndi umene umatsitsa mitengo. Kwathu konkuno, ku Neno, Unduna wa Zaumoyo ndi Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akuyendetsa makiliniki a PEN-Plus, kumene ma clinical officer ndi anamwino ophunzitsidwa mwapadera amasamalira odwala shuga wa mtundu woyamba, ndipo kumeneko zinaoneka kuti anthu a kumudzi angathe kudziyeza okha kunyumba n'kumalemba manambala awo. Ngati zinatheka ku Neno ndi ku Lisungwi, Blantyre, wokhala ndi Gulupu ndi yunivesite ya KUHeS moyandikana, alibe chodzikhululukira.

Sindikuti boma lisinthire aliyense nthawi imodzi. Soluble ndi isophane ziyenera kukhalapo nthawi zonse, osasowa ngakhale sabata imodzi, ndipo ndalama zogulira ma analogue zisachotsedwe pa zimenezo. Koma odwala shuga wa mtundu woyamba ndi ochepa poyerekeza ndi a mtundu wachiwiri, ndipo mwa iwo ofunikiratu insulini yothamanga ndi odziwika: ana aang'ono, amayi oyembekezera, ndi amene akomokapo mobwerezabwereza usiku. Unduna ungaike aspart kapena lispro pa mndandanda wa dziko lino, yolembedwa ndi madokotala a makiliniki a shuga okha, n'kuigula pamodzi ndi masitiripi ake mu oda imodzi, kuti wolandira peni azituluka pa windo la famase atanyamulanso zoyezera za mwezi wonse. Bungwe la Diabetes Association of Malawi ndi makolo a ana odwala ali ndi poyambira pomveka: kupempha Unduna kuti pokonzanso mndandanda wa mankhwala ofunikira, utsate chisankho cha WHO cha mu 2025, kuyambira ndi kiliniki ya ana ya ku Gulupu.